Kabati ya Varvara

Padova, 9 Disembala 2012

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo mawondo anu sakukuzunzani kwambiri ndi kuziziraku. Ine ndili bwino, ntchito ndikugwira. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundimva, ndipo ine kukuwa sinditha, makamaka pa nkhani ngati izi. Petrea wa minibasi akupatsani kalatayi pamanja, pamodzi ndi mayuro zana, mafuta ophikira ndi mankhwala opaka aja.

Munandifunsa pa maliro kuti mwana wanu anali bwanji masiku ake omaliza, ine n'kungoti anali bwino. Sindinaname, koma ndinakuyankhani mwachidule.

Lamlungu lake lomaliza lija tinapita ku bwalo la maminibasi kukatenga katundu amene munatumiza, vinyo, tchizi ndi thumba la mtedza wa mumtengo wa pakhomo panu. Varvara anaswa umodzi ndi mano pomwepo. Ine ndinamudzudzula kuti madokotala a mano kuno kwa Ataliyana ndi odula. Iye anati, "Iwe Nichifor, ukayamba kundiwerengera ndi mano omwe, ndidzawagulula onse ndikusungire m'kapu." Pobwerera tinakangana za makatani. Iye ankafuna achikasu, ine ndinkati nyumba ndi ya eni ake, makatani n'ngachiyani. Madzulo anaphika nyemba, zinapserera pang'ono chifukwa ankalankhula ndi inu pa foni, tinadya choncho. Anasita malaya anga. Anapungula mtedza wina m'kathumba ka pepala kuti akagawire mnzake ku ntchito. Anati mutu ukumuwawa, anamwa piritsi, anagona. Ndi zomwezo. Ndayesa kufufuza m'mutu mwanga china chachikulu choti ndikuuzeni, sindikuchipeza.

Lolemba m'mawa tinakwera basi imodzi. Anavala juzi yake yobiriwira ndi jombo zaubweya m'kati zimene munamugulira ku Soroca. Titafika ku fakitale anasintha, n'kuvala zoyera za ntchito. Ine ndinapita ku uvuni, iye ku tebulo lolongedzera mabisiketi. Anagwa pamenepo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Zotsalazo mukuzidziwa.

Ndamva kuti mwambo wa masiku makumi anayi unayenda bwino, ndi kuti zovala zake munazigawa kwa amayi a m'mudzi, aliyense ndi buledi wake ndi kandulo yoyaka, kuti kumene aliko asasowe chovala. Mulungu akudalitseni. Ndinayenera kukhalapo, koma ulendo wachiwiri m'miyezi iwiri sukanatheka. Mwafunsa ngati kuno kwatsala kanthu kake. M'nyumba simunatsale kanthu, zonse zinabwera ndi galimoto ya maliro.

Abwana, bambo Ermanno, andichitira chifundo. Masiku amene ndinali kumudzi sanandidule. A Halyna, mayi wa ku Ukraine uja anali mnzake wa Varvara, amene amasesa ndi kukolopa fakitale yonse, amandibweretsera msuzi m'botolo. Amanditchula kuti alamu. Dzana anati, "Alamu, mwaonda ngati chogwirira cha tsache langa. Mukapitiriza ndidzakusesera limodzi."

Nkhuni mugule kwa Gavril wa m'mudzimo, musakatole nokha. Nkhumba aphe iyeyo, mumupatse mwendo umodzi.

Mkamwini wanu,
Nichifor

Padova, 13 Januwale 2013

Amayi,

Moni wa chaka chatsopano. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chapita. Ine ndili bwino. Khirisimasi ndinapita ku tchalitchi, ndinayatsa kandulo, ndinabwerako. Nyama yankhumba yafika, zikomo.

Za maloto anu ndawerenga kawiri. Mukuti mumamuona ataima pachipata, wopanda nsapato, atadzikumbatira ngati akumva kuzizira. Amayi, munthu wolira amalota zambiri.

Kuno kwagwa vuto. Mayi wina wa ku Verona anagula mabisiketi athu, n'kupezamo kamphutsi. Anakadandaula ku sitolo. Mudziwe kuti pafupifupi zonse zimene timaphika amagula ndi a kampani imodzi ya masitolo akuluakulu, ndipo pa paketi pamalembedwa dzina lawo, osati lathu. Iwowo akatisiya, uvuni uzima. Choncho anatitumizira woyendera wawo, mayi Tiziana, wamfupi, wa imvi pang'ono, wolankhula motsitsa.

Bambo Ermanno anawakonzera khofi ndi mbale ya mabisiketi. Mayiwo anati, "Ndidya pomaliza. Poyamba mundionetse kumene mumataya zinyalala." Anavala zoyera ngati ife, anatulutsa tochi, n'kuyamba kugwada paliponse. A Halyna anandinong'oneza kuti, "Alamu, taonani munthu wa sukulu akukwawa pansi pa uvuni ngati wataya ndolo." Kuyambira pamenepo tonse timawatchula Mayi Tochi.

Anapeza njenjete, tizilombo tija timaikira mazira mu ufa. Imodzi pa denga la chipinda cholongedzera, zina kuseri kwa makina. Abwana anapsa mtima. Anati, "Agogo anga anayamba kuphika muno nkhondo isanathe, palibe anafapo muno!" Atangotero anandiyang'ana, nkhope yawo n'kufiira. Mayi Tiziana sankadziwa kanthu. Anangoti, "Sindinabwere kudzatseka, bambo. Mabisiketi anu anthu amawakonda, ndipo ife tikufuna tizigulabe. Koma tipeze kumene tizilomboti tikuswanirana. Kupopera mankhwala kupha zouluka zokha, chisa chitsala."

Tsiku lonse anakhala nafe. Anationetsa kuti matumba a ufa asagone pansi kapena kutsamira khoma, kuti wakale uziyamba kutha, kuti sefa tiziiyang'ana m'mawa uliwonse. Ine anandionetsa mpata wina pansi pa lamba wa uvuni umene ndakhala ndikuudutsa zaka zonsezi osauona, munali nyenyeswa zodzaza dzanja. Sanandikalipire. Anati, "Diso limazolowera, n'chifukwa chake pamafunika la mlendo." Kenaka anapachika timisampha ta pepala la ulimbo m'zipinda zonse, tokhala ndi fungo loitana njenjete. Anati tisatisunthe, chifukwa msampha umene udzadzaze msanga ndiwo udzatilozere kumene kuli chisa. Adzabweranso mwezi wamawa. Akadzapeza zinthu zili chimodzimodzi, masitolo adzaleka kutenga katundu wathu mpaka titakonza.

Pochoka anadya bisiketi imodzi, ataiswa kaye pakati n'kuiyang'ana.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, magetsi akwera. Denga la khola lidikire chipale chofewa chisungunuke, musalole Gavril akwerepo pano.

Nichifor

Padova, 27 Januwale 2013

Amayi,

Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Kalata yanu ndalandira.

Mwandifunsa mwachindunji za juzi yobiriwira ndi jombo, kuti simunazione m'katundu. Mwafunsa bwino. Ndinakuuzani kuti m'nyumba simunatsale kanthu, ndipo ndi zoona. Koma ku fakitale aliyense ali ndi kabati yake yachitsulo yosungiramo zovala za kunyumba, m'kachipinda kotsamira khoma la uvuni. Ya Varvara ili pakati pa yanga ndi ya a Halyna. Anaikhoma yekha m'mawa uja. Kiyi anandipatsa a kuchipatala, ali m'chikwama changa cha ndalama. Sindinaitsegulepo.

Musandifunse chifukwa. M'mawa uliwonse ndimavula jekete pafupi ndi chitseko cholembedwa dzina lake, ndipo kwa kanthawi zimakhala ngati wangotsogola kulowa. Ndikudziwa kuti mwambo sutero. Ndikudziwa kuti chimene sichinaperekedwe kwa wamoyo sichimufika. Ndipatseni nthawi pang'ono.

Ku ntchito tikukolopa ngati tikuyembekezera bishopu. Abwana anayamba ndi kutukwana wachigayo pa foni kuti ndiye akutitumizira ufa wa tizilombo. Wachigayo anabwera yekha, anasefa matumba pamaso pawo, simunapezeke kanthu. Tsopano maso awo ali pa a Halyna.

Mankhwala a mawondo muzipaka madzulo okha.

Nichifor

Padova, 10 Febuluwale 2013

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndamva kuti munaterereka pa chitsime. Chonde muzituma mwana wa aneba, ndidzamugulira nsapato za mpira. Ine thupi lili bwino, tulo tokha ndi tovuta.

Mawu anu ndawamva. Mukuti mwana wanu akuzizidwa pamene jombo zake zikuotha moto wa uvuni. Sindikutsutsa.

Timisampha tija talankhula. Ta m'nyumba ya ufa tili pafupifupi toyera. Ka pakhomo la kachipinda ka makabati kada bii. Bambo Ermanno atakaona anatiitana tonse, aliyense atsegule kabati yake. Mwa mnyamata woyendetsa galimoto munapezeka soseji, mwa wina botolo, tinaseka. Atafika pa ya Varvara anangodutsa, nati, "Iyi ayi." Kenaka anatembenukira kwa a Halyna. Anati kachipindako amakolopa ndi iwo, ndiye kuti pansi pa makabati sapafika, pali nyenyeswa.

A Halyna simuwadziwa, pakamwa pawo sipatsekeka. Anati, "Bwana, pansi apo mutha kudyerapo ukwati wa mwana wanu. Gwadani muone, kapena mimba ikukanizani?" Abwana sanagwade. Anati Mayi Tochi akadzapeza msamphawo uli choncho, adzafuna munthu wina wa tsache.

Amayi, mayi ameneyu ali ndi zidzukulu ziwiri kwawo ku Chernivtsi zimene amazidyetsa yekha, ndipo mapepala ake okhalira kuno amayendera ntchitoyi.

Lachinayi ndinafika msanga. Ndikumanga nsapato, ndinaona njenjete ikutuluka pa timipata ta mpweya ta chitseko cha Varvara. Inayenda pa dzina lake, n'kuuluka. Kenaka ina. Ndinakumbukira kathumba ka pepala kaja. Tsiku lomwelo ndinafunsa a Halyna, mongocheza, ngati Varvara anawapatsa mtedza m'mawa uja. Anati, "Mtedza wanji? Anandilonjeza kuti pa nkhomaliro. Mkazi wanu anapita ndi ngongole yanga, alamu." Anaseka, kenaka anapukuta maso ndi chigongono.

Ndinatulutsa kiyi Lachisanu. Ndinamubwezeranso m'chikwama. Ndimadziuza kuti mwina zinangolowamo kuchokera kwina.

Musauze Gavril zimenezi.

Nichifor

Padova, 24 Febuluwale 2013

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Sabata yatha sindinalembe chifukwa ndinalibe nkhope yolembera.

A Halyna anawauza kuti akhale kaye kunyumba. Abwana anabweretsa anyamata a kampani yokolopa kuti woyendera adzaone kuti achitapo kanthu. Pamene a Halyna ankachotsa zinthu m'kabati yawo ine ndinali pomwepo, phewa ndi phewa. Anati, "Alamu, msuzi muziphika nokha tsopano. Madzi, mchere, osaiwala moto." Ine ndinati pepani. Ndi mawu okhawo amene ndinanena, ndipo kiyi anali m'thumba langa.

Mayi Tiziana anabwera Lachitatu. Anayamikira nyumba ya ufa, anayamikira pansi pa uvuni wanga. Kenaka anasonkhanitsa timisampha, anatiyala pa tebulo monga mmene zipinda zakhalira, ndipo ngakhale mwana akanaona kumene mdima ukuchokera. Anafunsa za mayi wa tsache uja. Atauzidwa, anati, "Mwachotsa munthu musanapeze chisa? Nanga zikapitirira mudzachotsa ndani?"

Tinalowa m'kachipinda ka makabati, iwo, abwana ndi ine, chifukwa ndinaitanidwa kuti ndisunthe makabatiwo. Pansi panali poyera. Anayamba kuunika chitseko chimodzichimodzi. Pa cha Varvara tochi inaima. Pa timipata tija panali ulusi ngati wa kangaude.

"Iyi ndi ya ndani?"

Bambo Ermanno anati, "Mwini wake kulibe. Kiyi anasowa."

Munthu wamkulu, wa imvi, kunama chifukwa cha ine, pamaso pa munthu amene wagwira buledi wa fakitale yonse m'manja. Pamenepo ndiye sindinathe. Ndinati, "Kiyi ndili naye. Ndi ya mkazi wanga." Ndinatsegula ndekha.

Amayi, ndikuuzani pang'ono chabe. Zinauluka zambiri. Kathumba kanali pa shelefu ya pamwamba, mtedza wonse unasanduka fumbi ndi ulusi. Juzi inali pa chokolekera monga anaisiyira, mkono umodzi utapindikira m'kati, chifukwa nthawi zonse ankavula mothamanga. Mphutsi zinali m'khosi mwake ndi m'matumba. Jombo zinaima pansi, masokosi ali m'kati. Panalinso chipeso, ndi galasi laling'ono. Fungo lake munalibe. Miyezi yonseyi ndinkaopa kuti ndikatsegula fungo lake lituluka n'kutha, koma munkangonunkha mtedza wovunda.

Mayi Tiziana anazimitsa tochi. Abwana anawanong'oneza, ndinamva mawu akuti Okutobala, mwezi umene Varvara anatisiya. Mayiwo anandiyang'ana nati, "Pepani, bambo. Dzina lawo anali ndani?" Linkaoneka pachitseko, koma anafunsa. Ndinawauza.

Ntchito yawo anaigwirabe, ndipo ndikuwalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anati nkhani si njenjete zokha. Pa mapaketi athu pamalembedwa kuti mulibe mtedza, ndipo pali ana ena amene akaulawa ngakhale pang'ono amabanika. Choncho tinaimitsa makina masiku awiri, tinatsuka zonse, mabisiketi ena anapita kukapimidwa, ena amene anali m'nyumba yosungira anatayidwa. Ndinawanyamula ndekha kukawaponya m'galimoto ya zinyalala, makatoni a ntchito ya manja athu. Anatithandiza kukonza dongosolo latsopano: chakudya cha antchito chizikhala m'chipinda china, makabati azitsegulidwa Lachisanu lililonse, ndipo munthu akachoka, kabati yake izikhuthulidwa sabata yomweyo, pali mboni. Pa lipoti lawo analemba kuti munapezeka chakudya m'kabati imene inakhala yotseka nthawi yaitali. Dzina la munthu sanalembe. Masitolo apitiriza kugula, koma adzatiyenderanso pafupipafupi chaka chino.

Ndinkayembekezera kuti abwana andichotsa, ndipo zikanandipepukira. Anandipeza ku uvuni, anati, "Nico, amene anati isatsegulidwe ndi ine." Ndinati, "Koma ine ndinkadziwa, bwana. Ndinaziona zikutuluka." Kenaka anati, "Ndiye ukawauze wekha a Halyna kuti abwere Lolemba. Ine ndipepesa mbali yanga."

Wa mankhwala ophera tizilombo ankafuna zonse za m'kabati zipite ku moto. Mayi Tiziana anandiitanira pambali. Anati mtedza ndi chipeso zitayidwe, koma zovala zikhoza kupulumuka. Ndizimange m'thumba la pulasitiki, ndiziike m'firiji, mbali youmitsa nyama, kwa sabata yathunthu. Kuzizira kumapha mazira amene sopo sawafika.

Mwezi uno musayembekezere kanthu kwa Petrea, masiku awiri aja sitinalipidwe tonse. Anzanga sanandinene. Bola akanandinena.

Nichifor

Padova, 3 Malichi 2013

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu yafika, ndipo ndikuthokoza kuti simunandikalipire. Mukudziimba mlandu kuti mwina mtedza simunauumitse bwino. Ayi, Amayi. Mtedza unali wabwino, unali woti udyedwe tsiku lomwelo.

Ndinachita zimene mayi aja ananena. Ndinachotsa nyama yankhumba m'firiji, ndinagawira aneba, n'kuikamo thumbalo. Jombo zinakana kulowa, ndinachita kuzipinda. Inu mukulota mwana wanu akunjenjemera pachipata, ine n'kutenga juzi yake kuiika m'madzi oundana. Sabata yonseyi ndadyera ku ntchito. M'khitchini ndimangolowa kukatunga madzi.

Kwa a Halyna ndinapita Loweruka la sabata imene tinatsegula kabati. Amakhala ndi amayi ena atatu m'chipinda chimodzi. Ndinaima pakhomo, chipewa m'manja, ndinanena zonse, ndi za Lachinayi lija ndinaona njenjete. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Kenaka anati, "Ndiye munaima pambali panga, ine ndikulongedza, kiyi ali m'thumba?" Ndinati inde. Anati, "Varvara akanakuswani mutu ndi chiwaya." Anatseka chitseko.

Lolemba anabwera ku ntchito. Abwana anawapepesa pamaso pa onse, anawalipira masiku amene anakhala kunyumba. Ine a Halyna amandipatsa moni, koma amati bambo Nichifor.

Dzulo ndinatulutsa thumba lija. Juzi inauma gwa ngati thabwa. Ndinaisiya pa mpando pafupi ndi chotenthetsera nyumba mpaka inafewa, ndinaichapa ndi manja, ndinachotsa ulusi wonse ndi singano. Pali kabowo kamodzi pa thumba, ndasoka, ngakhale kusoka kwanga mukukudziwa. Jombo ndazipukuta m'kati ndi kunja, ndazipaka polishi.

Ndaganiza zopereka kwa a Halyna. Anali mnzake, ndipo kwawonso mwambowu amaudziwa.

Mbewu za tomato mufese m'nyumba, pawindo. Ndidzatumiza pulasitiki.

Nichifor

Padova, 17 Malichi 2013

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chipale chayamba kuchoka m'munda. Kuno kukugwa mvula yozizira. Ine ndili bwino. Petrea akupatsani mayuro zana ndi pulasitiki ya tomato.

A Halyna anakana. Ndinawapeza pachipata titaweruka, thumba lili m'manja, buledi ndi kandulo zili momwemo. Anasuzumiramo, anagwira juzi ija, anaisisita. Kenaka anabweza. Anati, "Izi mukupereka chifukwa cha iye, kapena chifukwa cha manyazi anu? Za wakufa si zopepesera. Mukandipatsa ine, zikhala zanga ndi zanu, iye sizimufika. Komanso phazi langa mukuliona? Ndingalowetse chala chokha." Anati, "Kapatseni munthu amene simumudziwa, amene akuzizidwadi. Pitani ku maminibasi, kumabwera atsikana atavala ngati akupita ku dansi. Mwamva, alamu?" Ananditchula choncho, mwina mosazindikira.

Ndinapita Lamlungu lapitali. Ndinayendayenda pakati pa magalimoto ndikuyang'ana mapazi a akazi, mpaka dalaivala wina anandifunsa ngati ndataya kanthu kapena ndikufuna kumenyedwa. Petrea anamuuza kuti andisiye. Anthu anali ambiri, ena akutumiza mafiriji akale, ena akulandira vinyo. Amene ndinkawaona onse anali ndi nsapato zabwino, kapena anali ndi amuna awo, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera.

Kenaka ndinaona mayi wina atakhala pa chikwama chake pafupi ndi mpanda, wa msinkhu wa Varvara, wocheperako pang'ono. Anali atangotsika, akudikira munthu woti amutengere ku nyumba kumene akasamalire nkhalamba. Anavala kajekete kopyapyala ndi nsapato zansalu zonyowa. Ndinamupatsa moni m'chinenero chathu. Anagwira chikwama chake mwamphamvu. Mawu amene ndinakonza anandithawa, ndiye ndinangotsegula thumba, n'kutulutsa buledi ndi kandulo.

Atangoona kandulo anaimirira. Sanafunse zambiri. Anati, "Ndi za ndani?"

Ndinati, "Za mkazi wanga, Varvara."

Mphepo inazimitsa machesi kangapo. Iye anatchinga ndi manja ake mpaka kandulo inayaka. Ndinamupatsa juzi, jombo, masokosi ndi galasi lija, buledi pamwamba, ndinanena mawu amene mumanena, kuti zikhale za mzimu wa Varvara. Iye anayankha "bogdaproste" monga kuyenera, ndiko kuti Mulungu amukhululukire, anapsompsona buledi. Anavula jekete pomwepo, anavala juzi, n'kubwezera jekete pamwamba. Anakhala pa chikwama, anavala jombo. Anaponda pansi kawiri. Anati, "Zikukula pang'ono, koma ndi masokosi awiri zikhala bwino. Anali ndi phazi labwino mkazi wanu." Ndinati inde. Ndi wakwathu, wa ku Cahul, dzina lake sindinafunse.

Galimoto imene ankadikira inafika, mayi wachitaliyana akuliza hutala. Mayi wa ku Cahul uja anathamanga, kandulo ili m'dzanja limodzi, chikwama kwinako. Sindinamuyang'ane nthawi yaitali.

Kiyi ndinabweza kwa abwana. Kabati anaitsuka a Halyna, ndipo pepala la dzina anandipatsa, ndaliika m'kalata muno kuti mulisunge inu. Lachisanu tinatsegula makabati onse monga mwa dongosolo latsopano, msampha wa pakhomo unali woyera.

Mukapita ku manda mumuuze kuti ndachedwa, koma zapita.

Mayi uja anasiya nsapato zake zansalu pafupi ndi mpanda, zonyowa, chidendene chimodzi chong'ambika. Ndinaima nazo m'manja kanthawi, osadziwa kuti ndizitani. Kenaka ndinaziponya m'bini, n'kukakwera basi.

Mkamwini wanu,
Nichifor